Bwalo la Agogo: Anzeru Awiri Akasemphana, Womaliza Kulankhula Ndani?

Khalani pansi nonse. Iwe wa zingwe m'makutu, zula zimenezo. Iwe uli kukhomoko tseka chitseko, nkhuku zingalowe kudzamvera milandu ya anthu. Lero bwalo lakhala. Woweruza ndine, mboni ndine, ndipo apilo kulibe chifukwa agogo anu aakazi, amene ndiwo khoti lalikulu pakhomo pano, apita ku Mvano.

Ndamva mukudzitama kuti masiku ano thukuta simulidziwa. Akuti muli ndi antchito a m'kompyuta, ma agent a AI, amene amagawana ntchito okhaokha: wina kuwerenga makalata, wina kuyankha makasitomala, wina kuwerengera katundu, wina kulipira. Akuti amatumana okha, inu n'kumaliza tulo dzuwa lili paliwombo. Ine ndinangofunsa kafunso kamodzi, ka nkhalamba ya foni ya mabatani: awiri mwa antchito amenewa akasemphana, wina akuti lipira, wina akuti usalipire, mawu omaliza ndi a ndani? Munayang'anana. Wina anayamba kukanda m'mutu. Wamkulu wa nonsenu, amene tinamugulitsira ng'ombe kuti apite ku yunivesite, ndiye anati, "Agogo, zinthu zimenezi n'zanzeru, zimagwirizana zokha."

Zanzeru! Ana inu, ine nzeru sindidana nazo. Koma chitsiru chikagwa m'dzenje chimagwa chokha. Amene amagwetsa ndi anzawo omwe ndi anzeru awiri osapangana. Choncho milandu yanu ndaigawa patatu, ndipo muimva yonse musanapite kukatchaja mafoni.

Mlandu woyamba ndi wosiya makina akumverana okhaokha popanda woyang'anira.

Mu April 2011, munthu wina wa mu labu ya katswiri wa sayansi ya zamoyo, Michael Eisen, ku Berkeley m'dziko la America, anafuna kugula buku pa Amazon. Bukulo, The Making of a Fly, analemba ndi Peter Lawrence, ndipo limafotokoza mmene ntchentche imakulira kuchokera m'dzira. Inde, tintchentche tija timazungulira nthochi yakupsa. Anapeza ogulitsa awiri akulitsatsa pa mtengo woposa madola miliyoni imodzi. Mawa lake mtengo unali utakweranso. Eisen anayamba kulemba mitengoyo tsiku ndi tsiku mpaka chinsinsi chinaululika. Wogulitsa woyamba anali atauza pulogalamu yake kuti tsiku lililonse itenge mtengo wa mnzakeyo n'kuchulukitsa ndi 0.9983, kuti iye azikhala wotchipirapo pang'ono. Wachiwiri anali atauza yake kuti itenge mtengo wa woyambayo n'kuchulukitsa ndi 1.270589. Uyu akatsika ndi kachala, uyo amakwera ndi mkono wonse, ndipo mawa lake woyamba uja amamutsatira kumwamba komweko. Pofika pa 18 April bukulo linali pa madola 23,698,655.93, kuwonjezerapo madola 3.99 otumizira. Onani mwambo wa makina: buku la mamiliyoni 23, koma ya positi osaiiwala. Tsiku lotsatira wina anadzuka kutulo, mtengo n'kugwera pa madola 106.23.

Mukuseka. Sekani, pakuti palibe anagula. Koma muone bwino: pa mapulogalamu awiriwo panalibe yowonongeka. Iliyonse inachita ndendende zimene mwini wake anaiuza. Chimene eni akewo anaiwala ndi chiganizo chimodzi chokha: "Ukafika pakutipakuti, ima, ubwere udzandifunse."

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 6 May 2010, masewera omwewa anachitika pa msika wa masheya ku America, kumene kumakhala ndalama za penshoni za anthu. Masana a tsikulo pulogalamu ya kampani ina inayamba kugulitsa makontrakiti 75,000, a ndalama pafupifupi madola 4.1 biliyoni. Inauzidwa kuti izitsatira kuchuluka kwa malonda pamsika, osalabadira mtengo kapena nthawi. Mapulogalamu ena aliwiro anayamba kuponyerana katunduyo, uyu kugula n'kugulitsa kwa uyo, uyo n'kumubwezera. Pulogalamu yoyamba ija itaona malonda achuluka inawonjezera moto, n'kumaliza zonse m'mphindi 20. Muyeso wa msikawo wotchedwa Dow Jones unagwa ndi mapointi pafupifupi 1,000. Sheya ya kampani ya Accenture, ya madola pafupifupi 40, inafika pogulitsidwa senti imodzi. Mukudziwa pamene zinthu zinatembenukira? Msika wa ku Chicago, kumene makontrakiti aja ankagulitsidwa, unali ndi lamulo loikiratu lakuti mitengo ikamagwa mopenga, malonda aime kaye. Anaima masekondi asanu. Atayambiranso, mitengo inayamba kubwerera. Munthu amene anaika lamulo limenelo analiika tsiku labata, atamwa tiyi wake bwinobwino. Pakati pa chipwirikiti sakanaliganiza.

Mlandu wachiwiri ndi wa mapanga awiri, amene akuluakulu anati avumbwitsa. Apa kuseka kuthe, chifukwa nkhani yake ndi ya maliro.

Ndege zikuluzikulu zili ndi chipangizo chotchedwa TCAS. Ntchito yake ndi kufunsa ndege zoyandikira kuti zili patali bwanji ndiponso pamwamba bwanji. Chikaona kuti ndege ziwiri zikupita kokagundana, zipangizo za m'ndege ziwirizo zimapangana m'kuphethira kwa diso kuti iwe kwera, ine nditsika. Kenaka chilichonse chimalankhula mokweza kwa oyendetsa ake. Amene anazipanga anaganiziratu ngakhale za tsiku limene zonse ziwiri zidzasankhe mbali imodzi nthawi imodzi. Ndege iliyonse ili ndi nambala yakeyake, ndipo ya nambala yaing'ono ndiyo imapambana, inayo n'kusintha. Sizifunsana kuti yaikulu ndi iti, yodula ndi iti, ya dziko lolemera ndi iti. Mkangano anauthetsa usanabadwe.

Usiku wa pa 1 July 2002, ndege ziwiri zinali mlengalenga kum'mwera kwa Germany, pafupi ndi tauni ya Überlingen, zonse pa msinkhu umodzi, mamita pafupifupi 11,000. Ina inali Tupolev ya ku Russia, yochokera ku Moscow kupita ku Barcelona, itanyamula anthu 69. Ambiri mwa iwo anali ana asukulu ochokera mumzinda wa Ufa, opita kutchuthi ku Spain. Inayo inali Boeing 757 ya katundu ya DHL, yochokera ku Bergamo kupita ku Brussels, muli oyendetsa awiri.

Pansi, ku Zurich, wolondolera ndege anali yekha pa ntchito ya anthu awiri. Mnzake anali atapita kukapuma monga zinazolowereka usiku. Iye ankathamangira masikirini awiri, uku akuthandiza ndege ina yochedwa yofuna kutera ku Friedrichshafen. Pawiripawiri sipauzirika. Usiku womwewo amisiri anali kukonza makina, choncho chenjezo loonekera pa sikirini linali lozima, matelefoni nawo osagwira. Wolondolera wina ku Karlsruhe anaiona ngoziyo ikubwera pa radar yake, anayesa kuimba, foni osalowa.

Kutatsala nthawi yosakwana mphindi imodzi, wa ku Zurich uja anazindikira, n'kuuza Tupolev kuti itsike msanga. Patangopita masekondi ochepa TCAS nayo inalankhula: a DHL tsikani, a Tupolev kwerani. M'chipinda cha oyendetsa Tupolev munali amuna asanu odziwa ntchito yawo. Mmodzi anakumbutsa anzake kuti makina akuti tikwere. Anamuyankha kuti wapansi akuti titsike. Wapansiyo, amene sankamva zimene TCAS ikunena m'ndegemo, anabwereza lamulo lake. Tupolev inapitiriza kutsika pomvera munthu. DHL inatsika pomvera makina. Zinakumana. Anthu onse 71 anafa.

Ana inu, usiku umenewo panalibe wamwano, panalibe woledzera, panalibe wosadziwa kuyendetsa. Nzeru ya TCAS inali yabwino: ina ikwere, ina itsike. Nzeru ya wapansi payokha inali yabwinonso: ina itsike, inayo ikhale pomwe ili. Koma theka la nzeru iyi litakumana ndi theka la nzeru iyo, ndege zonse ziwiri zinalowera kumodzi. Ofufuza a ku Germany, mu lipoti lawo la 2004, anapeza kuti malamulo ndi mabuku ophunzitsira za TCAS anali osemphana ndi osamveka bwino, moti oyendetsa a mayiko osiyana ankamva mosiyana kuti womvera ndani. Chopweteka kwambiri n'chakuti chenjezo linalipo kale. Pa 31 January 2001 ndege ziwiri za Japan Airlines, zonyamula anthu 677, zinaphonyana pang'onong'ono pa chifukwa chomwechi: wapansi kunena zina, makina kunena zina.

Pambuyo pa Überlingen bungwe loona za ndege pa dziko lonse, ICAO, linalemba lamulo mosapita m'mbali. TCAS ikalamula, woyendetsa amvere TCAS ngakhale wapansi anene zosiyana, kenaka amuuze wapansiyo. Wapansi akamva zimenezo asiye kuilamula ndegeyo mpaka ngozi itadutsa.

Eya, ndakuona iwe wa ndevu zosapesa, ukumwetulira. Ukuti, "Mwaona agogo, makina ndiwo anali olondola, tingowasiyira zonse." Khala chete, mlandu wachitatu ndi wako. TCAS sanaipatse ufumu wa mlengalenga. Anaipatsa masekondi pafupifupi 30, pa nkhani imodzi yokha, chifukwa pa masekondi amenewo ndi yokhayo imene ikulankhulana ndi ndege inayo ndipo palibe nthawi yoitanitsa msonkhano. Ngozi ikadutsa, woyendetsa amabwerera pa msinkhu umene anapatsidwa, wapansi n'kutenganso ulamuliro wake. TCAS sisankha kumene ndege ikupita, sisankha bwalo lotera, siuza munthu mafuta oti amwetse.

Nawenso mdzukulu wanga wa kumapetoko, amene ukugwedeza mutu pofuna kundisangalatsa, ukuganiza kuti ndinena zoti wamkulu azimveredwa basi. Ndikanakonda kutero, pakuti wamkulu pano ndine. Koma pa 27 March 1977, pa bwalo la ndege la Los Rodeos pa chilumba cha Tenerife, ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinagundana pansi mu nkhungu, anthu 583 n'kufa. Kaputeni wa KLM anali mkulu wophunzitsa anzake kuyendetsa ndege za mtundu umenewo. Anayamba kuthamangitsa ndege kuti inyamuke akukhulupirira kuti waloledwa, pamene chilolezo chonyamukira chinali chisanaperekedwe. Injiniya amene anakhala kumbuyo kwake anafunsa ngati ya Pan Am yachokadi mumsewumo. Kaputeni anayankha motsimikiza, wamng'onoyo n'kukhala chete. Ulemu wa mtundu umenewo sindiufuna pakhomo pano.

Ngozi imeneyo ndi zina zotsatira zinachititsa makampani a ndege kuyamba kuphunzitsa zimene amazitcha Crew Resource Management. United Airlines inayamba mu 1981. Wamng'ono amaphunzitsidwa kulankhula momveka akaona cholakwika, ndi kubwereza mwamphamvu ngati sanamvedwe. Wamkulu amaphunzitsidwa kufunsa ndi kumvetsera, ngakhale chigamulo chimakhalabe chake. Ndipo oyendetsa awiri akamapatsana ndege amanena ndi pakamwa, uyu kuti ndege ili m'manja mwako, uyo n'kuvomera kuti ili m'manja mwanga. Amuna ndi amayi ophunzira, a malaya oyera, kunena zinthu zoonekeratu tsiku lililonse, kuopa kuti pangakhale sekondi imodzi imene aliyense akuganiza kuti wagwira ndi mnzake.

Tsono musaganize kuti ndikufuna muzigwira chilichonse ndi manja anu. Ufulu umaperekedwa, koma umapimidwa. Pa 18 February 2021 galimoto ya NASA yotchedwa Perseverance inatera pa Mars. Tsiku limenelo uthenga wa wailesi unkatenga mphindi zoposa 11 kuti ufike kuno, pamene kutsika konseko, kuchokera pamwamba mpaka matayala kugunda dothi, kunali kwa mphindi pafupifupi 7. Pamene akatswiri a ku California ankamva kuti yayamba kutsika, iyo inali itafika kale pansi. Kuifunsa kuti izidikira chilolezo kukanakhala kuipha. Choncho anaipatsa ufulu wojambula pansi, kufananitsa ndi mapu amene inanyamula, n'kusankha yokha malo opanda miyala. Ikamayenda, anthu amaiuza kumene ikafike, iyo n'kumasankha polambalala miyala ndi mchenga. Zikaisokoneza imaima n'kudikira mawu ochokera kwawo. Kandege kake kang'ono, Ingenuity, kanauluka koyamba pa 19 April 2021, masekondi 39, mamita atatu kuchokera pansi, popanda munthu wokagwira chiwongolero. Kanauluka maulendo 72 mpaka January 2024. Koma ulendo uliwonse anthu ndiwo ankalemba kuti kapite kuti, Perseverance n'kukapatsira uthengawo. Ufulu wa makina amenewa unapimidwa ndi kutalika kwa mtunda ndi kufupika kwa nthawi. Wa ma agent anu, amene ali m'thumba mwanu momwemo, munaupima ndi chiyani? Ndi tulo tanu.

Zonsezi makolo anu anazidziwa asanaione ndege. Kumbukirani mmene maliro amayendera kumudzi. Khasu silikhudza dothi la kumanda mfumu isanalole. Ikalola, manda ndi a adzukulu, ndipo ngakhale bwana wa galimoto wochokera ku tauni sangawauze kagwiridwe ka khasu. Nthawi yonyamula ndi oti alankhule amapangana eni mbumba. Kumoto kuli amayi, ndipo mfumu siwerenga zipande za nyemba. Koma adzukulu akakumana ndi thanthwe sasamukira pena mwa okha, amatuma mthenga. Anthu mazanamazana, ena osagona usiku wonse, ena mitima ili yosweka, koma mwambo umatha bwino chifukwa aliyense akudziwa pamene mphamvu yake yayambira, pamene yathera, ndi amene angamufunse.

Inu ndiye mwabwera ndi chiphunzitso chatsopano chakuti "ife tonse ndife ofanana, palibe bwana." Ndachiona chipatso chake. Gulu lanu la pa WhatsApp lokonza ukwati wa mlongo wanu, aliyense ndi admin. Wina analipira dipoziti ya holo kuno, wina analipira ya holo ina kutsidya, onse ndi mtima wabwino, onse ndi ndalama za gulu. Mbuzi palibe anagula, poti aliyense ankati wagula mnzake. Nditafunsa kuti tcheyamani ndani, munandiyankha kuti mumayendera "kumvana." Ngati inu, a magazi amodzi, oyamwa bere limodzi, mukulephera kugula mbuzi imodzi, mukuganiza kuti mapulogalamu asanu opangidwa ndi makampani osiyana adzamvana chifukwa choti ndi anzeru? Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Pali chinanso chimene simuchiganizira. Antchito anu a m'kompyutawa amakhulupirirana msanga. Woyamba akalakwitsa nambala, wachiwiri amailandira ndi manja awiri, wachitatu n'kuikongoletsa ndi Chingerezi chosalala, wachinayi n'kulipira. Pofika kwa inu bodza lija lavala suti, lili ndi mboni zitatu, koma mboni zonsezo zinamva kwa munthu mmodzi. Ndipo wina wakunja akalemba kalata yochenjera, yokhala ndi malangizo obisika mkati, wowerenga makalata uja akhoza kuitenga ngati lamulo la bwana n'kuipatsira anzake. Wantchito amene sasiyanitsa mawu a mwini nyumba ndi mawu a wodutsa mumsewu sapatsidwa kiyi wa kuchipinda.

Imirirani tsono, mumve chigamulo.

Musanapatse ma agent anuwo kiyi wa ndalama, mutenge pepala ndi cholembera, zinthu zija munaziona komaliza pa mayeso a Fomu 4. Mulembe zimene aliyense angachite yekha osafunsa, ndipo zikhale zimene zikalakwika zimabwezeka. Mulembe malire: ndalama zikapyola apa, kapena chinthu chikakhala chosabwezeka, aime adzafunse munthu. Mulembe kuti awiri akasemphana wopambana ndi uti, pa nkhani iti, kwa nthawi yaitali bwanji. Ngakhale mutasankha mwa nambala monga zichitira ndege, bola musankhiretu. Mulembe kuti wamng'ono aliyense, makina kapena munthu, ali ndi mphamvu yonena kuti "imani kaye," ndipo amene waimitsa zinthu pachabe asakalipiridwe, chifukwa mukamukalipira lero, tsiku loona adzakhala chete. Chilichonse chimene achita chizilembedwa poti munthu angawerenge. Pansi pa pepalalo pakhale dzina la munthu wa mnofu ndi magazi, woti zikavuta tikamupeze pakhomo. Kasitomala wolipiritsidwa kawiri sangakasumire pulogalamu kwa amfumu.

Pa mlandu wa holo ziwiri, bwalo lagamula chindapusa cha tambala mmodzi. Wamoyo, wa lipombo lofiira, womangidwa miyendo. Chithunzi chake sindilandira, ndipo musanditumizire ndalama pa foni n'kumati ndikagule ndekha. Afike Loweruka dzuwa lisanapendeke. Wopereka ndalama, wokagula ndi wonyamula mugawane mmene mufunira, ufulu umenewo ndakupatsani. Ine ndikufuna dzina limodzi lokha, la amene ndidzamukoke khutu tambalayo akapanda kufika. Mupangane pompano, ndisanamalize tiyi uyu.